Kafupa Kotsala ka M'nsagwada

Pa labotale ya chipatala chachikulu, kuchipinda chakumapeto konunkha phula ndi mankhwala, kuli mayi wina amene anzake anamupatsa dzina loti Adikirani. Dzinalo analipeza ndi pakamwa pake. Ukamufunsa ngati zotsatira zatuluka, yankho ndi lomwelo: "Dikirani, fupa silinafewe."

Madokotala akadula kanyama pa chotupa cha m'nsagwada, kamabwera kwa iye m'kabotolo, nthawi zambiri kali ndi fupa lomwe. Fupa ndiye silidulika ndi kampeni ka makina ake odulira. Amayamba waliviika m'mankhwala mpaka lifewe, n'kulikwirira m'phula, n'kumalidula mopyapyala kuposa khoko la anyezi, n'kuyala pa kagalasi. Kenako amathira mankhwala ofufuza puloteni inayake. Ikakhalapo, malowo amasanduka bulauni. Zimenezi zimathandiza dokotala woyeza matenda kudziwa ngati ndi thumba lamadzi chabe, longokokota n'kuthana nalo, kapena chotupa chouma mutu chija chodya fupa, chomwe ukachinyengerera chimabweranso. Bulauniyo akaoneka, ndiye kuti ndi chotupacho.

Mankhwala ofewetsa fupa alipo amitundu iwiri. Pali asidi waukali, wachangu, koma amapsereza puloteni. Pali ena ofatsa, otenga masabata. Adikirani wamerera imvi pa ofatsawo, ndipo ngakhale umunyengerere chotani, sasuntha.

Koma abale anga, matenda akalowa m'nyumba mwako nzeru zimathawira pawindo.

Mlongo wake wamng'ono, dalaivala wa lole, yemwe anamulera yekha makolo atamwalira, anatupa tsaya. Munthuyo, pofuna kubisa, anangosunga ndevu, ngati ndevu zinachizapo munthu. Atamukokera kuchipatala, chithunzi chinaonetsa dzenje m'fupa, mozungulira dzino lakumapeto lomwe silinatuluke. Dokotala wa opaleshoni sanapite m'mbali. Anati likakhala thumba adzangokokota, koma chikakhala chotupa chija adzadula nsagwada mbali yonseyo n'kuikamo chitsulo.

Kabotolo kanafika pa tebulo la Adikirani kali ndi tizidutswa tiwiri, kena kakakulu, kena kakang'ono ngati njere ya mpunga. Foni nayo sinkapuma. Mlamu wake, mkazi wa dalaivalayo, ankangolira: "Alamu, inu muli komweko, tichitireni changu. Bambo aanawa sakugona."

Ndipo mayi uja, amene wakaniza anthu moyo wake wonse, anatenga kachidutswa kakakulu n'kukaponya mu asidi waukali. Chibale ndi fupa, sichiwola, koma tsiku limenelo chinamuphimba m'maso.

Kagalasi katafika kwa dokotala woyeza matenda, panalibe bulauni ngakhale kadontho. Mtima wa Adikirani unalumpha ndi chimwemwe. Koma dokotalayo anasuzumira pa maikulosikopu nthawi yaitali, kenako anavula magalasi.

"Mayi, izi zapsa. Munaviika mu chiyani?"

"Mu asidi, adokotala."

"Inu?" Dokotalayo sanakalipe, anangopukusa mutu. "Ndiye kusowa kwa bulauniku sikukutiuza kanthu. Mwina puloteniyo mulibe, mwina tayiwotcha."

Wa opaleshoni atamva anati fupalo lapyapyala ngati chikamba cha dzira, kulibowolanso kuti atenge kanyama kena n'kuliswa. Yankho lodalirika likapanda kupezeka, adzadula ndithu, kusiyana n'kusiyamo chotupa. Nsagwada ya dalaivala uja inatsalira pa kanjere kaja. Adikirani analowa m'chipinda chake, natseka chitseko, nalira ngati mwana. Manyazi anamugwira, mantha ndiye osanena.

Atapukuta misozi anaika kachidutswa kotsalako m'mankhwala ofatsa. Mu kabotolo kena anaviika kanyama ka chotupa chenicheni, kodziwika kale kuti kali ndi puloteniyo, kuti kakhale mboni. M'mawa uliwonse ankasintha mankhwalawo, n'kukagwira pang'ono ndi kopanira, kuona ngati kayamba kupindika. Kanali gwa.

Mlamu uja anamutsatira mpaka pakhomo la labotale. "Za anthu ena mumapanga bwinobwino, za m'bale wanu mukuzengereza! Mukufuna amudule kaye?"

"Alamu, ndinathamanga kale, ndipo kuthamangako n'komwe kwatifikitsa pano. Kuthamanga sikufika. Nditukwaneni, koma kameneka sindikakhudza kasanafewe."

Anasiya kulankhulana. Dalaivalayo ndiye ankangoseka ndi tsaya lake lotupalo: "Achemwali, akandidula mudzanditafunira ndinu."

Tsiku lomwe kanafewa, Adikirani anakakwirira m'phula. Anaika mpeni watsopano. Anapumira paphulapo mpweya wofunda wa m'kamwa, monga amachitira anthu a ntchito imeneyi kuti lisathetheke, nazungulitsa chogwirira cha makinawo pang'onopang'ono. Kachidutswa kopyapyala kanatuluka kosang'ambika. Anakayala pa galasi limodzi ndi mboni ija, nathira mankhwala.

Ulendo uno dokotala sanachedwe. "Bwerani muone nokha."

Adikirani anasuzumira. Mboni inali itasanduka bulauni ndithu, kusonyeza kuti mankhwala agwira ntchito. Koma ka mlongo wake kanali ka buluu, maselo ataima pamzere wopyapyala, ooneka bwinobwino, opanda bulauni paliponse.

"Maonekedwe ake ndi puloteni zikugwirizana," anatero dokotala. "Ndi thumba ili, mayi. Akakokote basi."

Adikirani, mayi wamkulu wa jekete loyera, analulutira mu labotale mpaka okolopa anabwera kudzasuzumira. Ati ndani wabereka?

Dalaivalayo anamukokotadi, n'kuchotsa dzino lobisala lija. Atatuluka ku opaleshoni, Adikirani anamupeza m'wodi atametedwa ndevu, m'kamwa muli thonje, mkazi wake ali pambali. Mlamuyo anaimirira n'kumupatsa mpando, maso ali pansi. Koma Adikirani sanakhale. Anagwira nkhope ya mlongo wake ndi manja onse awiri, nayendetsa zala kuchokera pachibwano mpaka kukhutu. Fupa lonse linalipo, lakelake.

"Achemwali," anadandaula mwamunayo m'thonjemo, "mukundipweteka."

"Upirire, iwe," anatero Adikirani, akuseka misozi ili chuchuchu, ndipo sanachotse manjawo.