Puloti ya Kumunsi kwa Sukulu

Ku ofesi ya khonsolo onse ankawatchula kuti a Chidindo. Analowa ntchito ngati mesenjala, wosesa ndi kunyamula mafayilo. Mkulu woona za mapulani a malo atasamuka, sipanabwerenso wina, ndipo pang'onopang'ono mpando uja anaukhala ndi iwo. Munthu akafuna puloti, ankatenga tepi ndi zikhomo, kukayeza, n'kubwera kudzadinda pepala. Anachita zimenezi zaka zisanu ndi zitatu, osafunsidwapo ngati mapu aakulu a pakhoma ankawamva.

Misewu ankaizindikira, msika ndi sukulunso. Koma timizere tofiirira topindikapindika tija ankangoti n'tinjira ta ng'ombe.

Mlongo wawo, telala, atamwalira mwamuna wake, achibale a malemuwo anamuchotsa panyumba. A Chidindo anamupezera puloti kumunsi kwa sukulu, malo osalala, a udzu wobiriwira ngakhale m'chilimwe. Anthu ataona kuti mlongo wa mwini chidindo wamanga kumeneko, anakhamukira komweko, iwo n'kudinda mapuloti ena khumi ndi anayi.

Dzinja lachitatu, madzi anadutsa momwemo. Sipanafe munthu, koma khoma la mlongo wawo linagwa, makina osokera n'kukwiririka m'matope. Atapita kukamuona, anamupeza akutsuka makinawo ndi palafini. Ankayembekezera kukalipiridwa, koma iye anawapatsa mpando.

"Inu munachita mbali yanu, achimwene," anatero. "Mvula sitiyiimba mlandu."

Chaka chomwecho khonsolo inawatumiza ku maphunziro a milungu iwiri. Mphunzitsi anali mayi wa msinkhu wa mwana wawo woyamba. Tsiku lachiwiri anayala mapu patebulo n'kufotokoza kuti timizere tija timasonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka, ndipo pamene tapindika ngati chigongono kuloza kumtunda, pamenepo ndi njira ya madzi. Mwatsoka, mapuwo anali a dera lawo lomwe. Mayiyo anaika chala kumunsi kwa sukulu n'kufunsa kuti ndani angaloleze nyumba m'dambo ngati limeneli.

Wina anati woyezayo ayenera kuti anali atalawako. Onse anaseka, a Chidindo nawonso anasekera limodzi. Nthawi ya tiyi anatsalira, akunamizira kufuna cholembera pansi pa tebulo. Chipinda chitatsala ndi awiri okha, anaimirira.

"Mayi, anadinda pamenepo ndine. Sindinkadziwa, komanso sindinafunse."

Mphunzitsiyo anati iwo anali munthu wachinayi kumuuza zotere chaka chimenecho, ndipo vuto ndi kusiya ofesi yopanda munthu wophunzira ntchitoyo. Mawuwo sanawatonthoze. Ankadziwa kuti akanatha kuulula kalekale, koma ulemu wa mpando unkawakomera.

Atabwerera, analemba kalata yopempha kuti mabanja onse khumi ndi asanu apatsidwe malo kumtunda. Yankho linatenga chaka chathunthu, ndipo malo anapezeka a mabanja asanu ndi limodzi okha. Poopa kunenedwa kuti akukondera, dzina la mlongo wawo analilemba kumapeto kwa mndandanda.

Iye akadali m'dambo muja, pamene panagwa khoma anaikapo malata. Makina aja amasoka ndithu, koma amadumphitsa ulusi. Masiku ano a Chidindo sakhoma chikhomo asanayale mapu, ndipo amabweza anthu ambiri, ena amawatukwana. Mlongo wawo amawasokerabe malaya a kuntchito, ndipo mpaka lero iwo sanamuuze kuti puloti ija anaidinda asakudziwa kuwerenga mapu.