Zala za a Rahimu Pakhoma la Loja

Ku vila ya Mecanhelas, katauni ka kufupi ndi malire a Malawi, kuli mzere wa maloja, masitolo akale a makonde aatali, ndipo aliyense wodutsapo, wophunzira ndi mbuli yemwe, amanena zofanana: "Apwitikizi ankamanga zolimba." Mawuwa amamuwawa Tausi mpaka m'mafupa. Ndi Mpwitikizi uti anapondapo dothi? Ndi uti anasenzapo chikombole?

Tausi wakhala akugulitsa zitumbuwa pakhonde la loja yakumapeto kuyambira 1993, atangobwerako ku Malawi kumene anathawira nkhondo. Malowo sanawasankhe chifukwa cha ogula, poti msika weniweni uli kutsidya. Njerwa za mzerewo anaumba ndi anthu a chibalo, ntchito yokakamiza ya atsamunda, ndipo mmodzi wa iwo anali bambo ake, a Rahimu. Njerwa ikasweka, kapitawo ankafuna kudziwa woti amukwapule, choncho woumba aliyense ankaika chizindikiro chake. A Rahimu ankadinda zala zitatu m'mbali mwa njerwa.

Mkuluyo anatsikira kuli chete konko ku Malawi. Pamanda pake analimapo chimanga kalekale, ndipo chithunzi sanajambulitsepo. Koma nkhondo inasenda pulasitala wa lojayo, zala zija n'kuonekera. Kwa zaka makumi atatu, Tausi akafika m'mawa ankayamba waika zala zake m'timaenjeto asanavundukule lichero. Za bambo ake chinatsala n'chokhachi basi.

Chaka chatha lojayo inagulidwa ndi João, mnyamata wa mafoni amene ndalama zamupeza nzeru zisanafike. Tsiku lina m'mawa Tausi anapeza mchenga pakhonde, ndi mmisiri Bwanausi akukanda simenti.

"Mwanangu João," anatero Tausi, "mata khoma lonse, koma undisiyireko njerwa imodzi yokha. Iyi. Ndi dzanja la bambo anga."

"Amayi, loja ya mafoni ikhale ndi chigamba? Anthu adzati simenti inandithera."

"Ungowauza amene anaumba."

"Inamangidwa ndi Apwitikizi iyi, aliyense akudziwa. Tasunthani lichero, lingagwere mchenga."

Tamvani zimenezo! Mwana woti agogo akenso mwina anakwapulidwira njerwa zomwezi, lero akuopa kusekedwa ndi ogula mafoni. Bwanausi, bambo wa imvi wodziwa bwino mbiri yonse, anangoweramira pansi ngati kuti simentiyo ikumuuza nkhani. Kunena zoona, iyeyu ndiye ananyansa koposa.

Tausi sanachoke. Anakhala poteropo n'kumaonerera pulasitala akukwera mzere ndi mzere mpaka anakwirira njerwa ija. Ndiyeno anadzuka, n'kudinda zala zake zitatu pasimenti yaiwisi, pamalo pomwepo.

"Mwaononga!" anakuwa João. "A Bwanausi, salazani!"

Bwanausi anayang'ana Tausi, kenako anayang'ana bwana wake. Anapititsapo chipande chake chosalazira kamodzi kokha, khoma n'kukhala see.

Tausi anasenza lichero lake, asanagulitse chitumbuwa n'chimodzi chomwe, n'kumapita kwawo dzuwa lili paliwombo. Mdzukulu wake wamkulu, yemwe akuphunzira uphunzitsi, atamva nkhaniyo anati mawa apita naye akamuonetse pamalopo, kuti iye adzauze ana kusukulu. Anapitadi. Tausi anapapasa khomalo uku ndi uku, akulira, osadziwanso kuti njerwa ija inali pati.