Pakamwa pa Make Mapasa

Inu amene mukulimbana ndi mtima wanu womwe, imvani za mayi wina amene anthu amangomutchula kuti Make Mapasa.

Tsiku limene mwamuna wake ananyamula sutikesi n'kutuluka, mapasawo anali ndi zaka zitatu. Bamboyo sanapite kutali. Anakalowa m'nyumba ya mnzake wapamtima wa mkazi wakeyo, yemwe ankaimba naye kwaya, kubwerekana nsapato ndi kuuzana zakukhosi.

Chimene chinamutsalira mayiyu ndi chipinda chimodzi, matiresi ndi pakamwa. Pakamwapo panasanduka lumo. Kumpopi ankatukwana, kutchalitchi anasiya, ndipo ku saluni kumene ankaluka tsitsi anamuchotsa ntchito atalalatira kasitomala amene anangofunsa kuti, "Bambo ali bwanji kunyumba?"

Achemwali ake aakulu anamupeza atagona dzuwa lili paliwombo, ana akulira pakhomo.

"Mng'ono wanga, anakulakwira, sindikukana," iwo anatero. "Koma moto wasonkhawu ukutentha nyumba yako, yawo ili chiimire."

Anamusiyira kabaibulo kothothoka chikuto, ndipo patapita milungu iwiri anamupezera ntchito yokolopa pa kachipatala kena.

Ntchitoyo inali ya mopu, ndowa ndi magolovesi. Ankakolopa khonde lonse odwala asanafike, kutaya zonyansa, kutsuka zimbudzi. Pa nthawi yopuma anzake ankasonkhana kuseri kwa khitchini, kumene mayi wina wokolopa, wotchedwa Wailesi, ankaulutsa nkhani za aliyense. Make Mapasa ankaopa kuti tsiku lina nkhani idzakhala yake. Choncho ankadzitsekera m'kachipinda kosungiramo mamopu, n'kukhala pa ndowa yovundikira, n'kutsegula kabaibulo kaja.

Tisanamizane, sanayambe kuwerenga chifukwa cha uzimu. Ankangothawa anthu. Koma tsiku lina m'Masalimo anapeza munthu akudandaulira Mulungu kuti mnzake wodya naye mbale imodzi ndi amene wamutembenukira.

"Aa, kani zinayamba kale!" anatero yekha, n'kuseka koyamba patapita miyezi yambiri.

Patsogolo pake anapeza pemphero la munthu wopempha Mulungu kuti amuikire mlonda pakamwa. Analilemba pa kapepala n'kukaika m'thumba la yunifomu. Kuyambira pamenepo sankalola tsiku kudutsa osawerenga. Ankagwabe ndithu. Ankakalipira ana popanda chifukwa, ndipo tsiku lina anamuyankha mwini nyumba mawu oti sindingawalembe pano. Koma akagwa ankabwerera pa ndowa yake ija, kuwerenga, kupepesa kwa amene wamulakwira, n'kuyambanso.

Zaka ziwiri zinatha chonchi.

Ndiye Lachiwiri lina m'mawa, akukolopa khonde, anaona nsapato zimene ankazidziwa. Atakweza maso anaona mnzake uja ali pa benchi ya odwala, yekhayekha, atawonda, masaya atalowa. Maso awo anakumana. Mayi winayo anazolika.

Patapita kanthawi, asisitala oyang'anira anamwino anaitana Make Mapasa kuti akapukute madzi amene anatayika m'chipinda choyezera. Pa tebulo panali khadi la wodwala lotsegula. Sanafune kuwerenga, koma dzina la mnzake uja linamukoka maso, ndipo pansi pake panali zotsatira. Anali matenda aja amene anthu ambiri amawabisa ngakhale kwa abale awo.

Kwa zaka ziwiri anthu ankamuloza zala chifukwa cha mayi ameneyu, ndipo lero chinsinsi chake chinali m'manja mwake.

Atangotuluka, Wailesi anamugwira dzanja.

"Amake Mapasa, uja si anakulandani bambo uja? Mwalowa mommuja, mwaona khadi. Tandinong'onezani, ine sindiuza munthu."

Onse awiri ankadziwa kuti likamalowa dzuwa nkhaniyo ikhala itafika kumsika, kukwaya ndi kumpopi. Mawu anafika pa nsonga ya lilime, ndipo ankatsekemera.

"Dikirani kaye," anatero Make Mapasa, n'kuthamangira m'kachipinda ka mamopu.

Atatenga kabaibulo, kanamupulumuka n'kugwa pansi. Sanafunenso kukatsegula. Zimene anawerenga masiku onse aja zinali zitakhazikika kale mumtima: kuti kubwezera n'kwa Mulungu, kuti lilime ndi kamoto kotha kutentha nkhalango yonse, kuti mdani akamva ludzu um'patse madzi. Analira, osati pang'ono.

"Ambuye, ndikufunitsitsa kunena. Nditsekeni pakamwa Inuyo, ine pandekha sindingathe."

Atatuluka anapeza Wailesi akudikirabe.

"Ndiye?"

"Ine anandilemba ntchito yokolopa pansi, mayi. Za pa tebulo si zanga."

"Ha! Mwasanduka m'busa liti?" Wailesi anatsonya n'kuchoka.

Yesero silinathere pomwepo. Mayi wodwala uja potuluka anachita chizungulire, n'kusanza pakati pa khonde. Anthu anayamba kusuntha atagwira mphuno. Wokolopa wa khonde limenelo anali Make Mapasa. Anabwera ndi ndowa yake, anapukuta zonse, kenako anam'khazika mayiyo pa benchi n'kum'patsa madzi m'kapu.

"Bambo aja anandithawa nanenso," mayiyo ananong'ona. "Ndikudziwa kuti waona khadi langa. Ukauze anthu, ndi malipiro anga."

"Sindiuza munthu. Imwa madziwa, ndipo mankhwala akupatsawo usadumphitse."

Sanakumbatirane ayi. Bala linali lidakalipo, ndipo kukhululuka kwenikweni kunatenga nthawi. Koma tsiku limenelo Make Mapasa anapita kunyumba mtima uli mbee, ndipo anasewera ndi ana ake mpaka anawo anadabwa.

Sankadziwa kuti asisitala aja anamva zonse ali pawindo. Patatha mwezi anamuitanira mu ofesi.

"Pano tikusowa munthu wolangiza odwala amene angolandira uthenga wovuta. Za m'mabuku tikakuphunzitsani. Koma kusunga chinsinsi sitingaphunzitse munthu, ndipo inu ndakuonani."

Maphunzirowo sanali ophweka kwa munthu amene anasiyira sukulu panjira. Mayeso oyamba analephera, achiwiri anakhoza. Lero ali ndi kaofesi kake ka mipando iwiri, ndipo anthu amene amalowamo akulira amatuluka atapeza poyambira. Mapasa aja ali kusekondale. Achemwali ake akamamuyamikira, iye amakana.

"Musanditame ine, achemwali. Tsiku lija ndikanalankhula, ndikanapha munthu ndi pakamwa, nanenso n'kufera pomwepo. Ndimangothokoza Mulungu kuti Mawu ake anafika mumtima mwanga yesero lisanafike."

Abale anga, yesero silichenjeza. Limakupezani muli ndi mopu m'manja, ndipo silikupatsani nthawi yofufuza vesi. Chimene chidzakugwireni dzanja tsiku limenelo ndi chimene mukuwerenga lero, pamene zinthu zili zii. Kaya nkhondo yanu ndi ya mkwiyo, ya mowa kapena ya thupi, tsegulani Baibulo, ngakhale mizere iwiri yokha pa nthawi yopuma. Mukagwa dzukani, sasani fumbi, mutsegulenso. Mtima wanuwo musautaye, pakuti Mulungu sanakutayeni.