Dzinja Limene Tinapenta Galimoto Kawiri

Bulashi ija inakhala zaka zambiri itasomekedwa mu udzu wa denga, pamwamba pa chitseko cha nyumba ya amayi. Ubweya wake unauma gwa, osapindika ngakhale mutausinja ndi mwala. Kunsonga unali wodera ngati fodya wa chikopa, koma mukaukanula ndi chikhadabo, m'kati munkaoneka kufiira. Amayi sankalola munthu kuitaya. Inali ya atsibweni, mlongo wawo wa amayi, ndipo ndi imene tinapentera galimoto chaka chimene ndinayamba sukulu ya mishoni kufupi ndi Namitete.

Atsibweni anabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni anthu atatha kukolola. Anabwera ndi sutikesi, jekete lalitali ndi chifuwa. Anafe tinkangoona sutikesi ndi jekete. Abambo athu anali atalowera ku Halale ine ndili kumsana, osabwereranso, choncho pakhomo panalibe mwamuna wotiyang'anira. Atsibweniwo anali ndi akazi awo ku Nsaru, kumene anakwatira chikamwini, ndipo kumeneko kunali mwana wamwamuna amene anabadwa iwo ali kumigodi. Anangomunyamula kamodzi, tsiku limene anakaonekera atangofika. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kupempha chitengwa, kuti akazi awo ndi mwanayo adzakhale kwathu, iwo azilera mwana wawo kwinaku akuyang'anira ife mbumba yawo. Ankhoswe anayenda, a ku Nsaru anavomera, anati adzawatenge akakonzeka.

Kukonzekako ndiye kunatipweteka. Munthu wina akadangobwereka ngolo n'kukawatenga sabata yomweyo, nkhani n'kutha. Koma atsibweni anga, ha! Anali munthu wa mtima wake. Ankati mkazi amene wawadikira chomwecho sangalowe m'mudzi wapansi ngati akuchokera kunkhuni.

Kuseri kwa zigafa za pa esiteti ina ya fodya kunali galimoto yakalekale, yolizira ndi chitsulo chopukusa kutsogolo. Nkhuku zinkaikira mazira pa mpando wake. Atsibweni anaphunzira za mainjini pa esiteti pomwepo asanapite ku Joni, ndiye mzungu mwini esitetiyo anawapatsa galimotoyo posinthana ndi ntchito yomukonzera mpope wa madzi. Inafika kwathu itakokedwa ndi ng'ombe, mudzi wonse ukuseka. Patapita masabata inalira, oseka aja n'kuyamba kupempha kukwera. Koma thupi lake linali lochititsa manyazi, dzimbiri lokhalokha, kwina kukuoneka penti wakale wosadziwika mtundu.

Nkhani ya mtundu wa penti inatenga nyengo yonse yotentha ija. Aphunzitsi athu, amene ankabwera madzulo kudzaonerera, ankati galimoto yaulemu imakhala yakuda. Atsibweni ankakana, ankati sakufuna kuti anthu azithawa poganiza kuti kwabwera okhometsa msonkho. Iwo ankafuna penti wonyezimira, woti mkazi n'kudziyang'anirapo pomanga duku. Tsiku lina ananditenga kupita kusitolo ya mmwenye ku Namitete, kumene kunali tizitini ta penti wotereyo. Anakagwira kachitini kamodzi, kukatembenuza, kufunsa mtengo, n'kukabweza pamalo pake bwinobwino. Kachitini kameneko sikakadakwanira ngakhale chitseko chimodzi. Tinatuluka ndi botolo la palafini ndi siwiti yanga.

Amene anatipulumutsa, monga tinkaganizira nthawiyo, anali akapitawo a pa esiteti paja. Anali ndi penti wotsala popenta malata, chitini chachikulu, wofiira. Penti wa malata sawala, amangouma mbuu, koma atsibweni anakapempha vanishi pang'ono kwa akalipentala a kumishoni n'kusakaniza. Atapaka pa chidutswa cha lata n'kuchiika padzuwa, chinawala. Ine ndinavina. Amayi anayang'ana latalo nthawi yaitali, kenaka anati, "Achimwene, dzinja likubweratu." Kwathu aliyense ankadziwa kuti mvula ikayamba chofiira sachivala, sachiyanika panja, chifukwa chimaitana mphenzi. Atsibweni anaseka mpaka kutsokomola. Anati ku Joni zinthu zofiira zimayenda mvula ili pamutu, ndipo palibe chimene chinapsa.

Ntchito ija ndimaimvabe m'manja. Dzimbiri tinkapala ndi magalasi a mabotolo osweka, kenaka n'kukwecha ndi mchenga wa kudambo pa chiguduli chonyowa mpaka chitsulo chiyere. Zala zanga zinasupuka, ndiwo zamchere zinkandiwawa pakudya. Penti tinkamusefa pa nsalu yakale ya amayi kuti pasakhale zibuma. Galimoto tinailowetsa m'chigafa chathu, ndipo ntchito yanga inali yowaza madzi pansi kuti fumbi lisauluke, ndi kuchotsa ndi kaminga tizilombo tomatirira pa penti. Atsibweni ankakoka bulashi mbali imodzi yokha, pang'onopang'ono, atagwira mpweya. Akamva chifuwa chikubwera ankathamangira panja, kuopa kuti dzanja ligwedezeka n'kusiya mzere. Ndinkawamva kuseri kwa nkhokwe akutsokomola mpaka kukhala pansi, kenaka ankabwera akupukuta pakamwa n'kufunsa ngati ntchentche sinatere.

Galimoto inatuluka m'chigafa mvula yoyamba itagwa kale, nthaka ikununkhira. Abale inu, inali yokongola! Ndaona magalimoto ambiri m'moyo wanga, ena ndakwera, koma palibe imene inandiimitsa mtima ngati imeneyo. Mizere ya bulashi inkaoneka mukayandikira, koma ndani ankayandikira ndi maso otere? Amayi anazira nyumba yodzafikira akazi a atsibweni ndi mwana wawo, anagula mphasa yatsopano. Ine anandiuza kuti ndidzakhala mlezi wa mwanayo, choncho pa ulendo wa ku Nsaru anandikweza kumbuyo, nditavala diresi la kutchalitchi.

Ku Nsaru anatilandira bwino poyamba. Ana anazungulira galimoto, akazi a atsibweni anatuluka akumwetulira chobisa, katundu wawo atamanga kale pakhonde. Tinakhala pamphasa. Ndiye pakati pa malonje chifuwa chija chinabwera, chachitali, chosafuna kutha. Atsibweni anatseka pakamwa ndi mpango, ndipo atauchotsa anaupinda msanga n'kuuika m'thumba. Apongozi awo, amene mwa mwambo sankakhala pamaso pa mkamwini, anali m'nyumba chitseko chili chotsekula pang'ono. Anaitana ankhoswe a kuchikazi. Atatuluka, ankhoswewo anayang'ana kumwamba kumene kunali mitambo, n'kunena mofatsa kuti mwana wakhanda sangakwere chinthu chofiira chotere mvula itayamba. Anati tidikire masika. Atsibweni anayankha kuti, "Masika ali kutali." Ine ndinaganiza kuti ndi kupupuluma kwawo kwa masiku onse.

Tinabwerera ndi mpando wopanda munthu. Ndinalira njira yonse, osati chifukwa cha atsibweni, ayi, koma chifukwa ndinali nditauza kale anzanga onse kuti ndikubwera ndi mwana kumsana.

M'mawa mwake atsibweni anapita kwa aphunzitsi. Aphunzitsiwo anali ndi penti wakuda wopakira bolodi, wotsala pansi pa chitini, ndipo anawapatsa osafunsa zambiri. Sakadakwanira galimoto yonse, choncho atsibweni anamusakaniza ndi wofiira wotsala uja, n'kutuluka mtundu wodera umene unali kunsonga kwa bulashi. Vanishi analibenso. Ndimakumbuka amayi ataima pakhomo pa chigafa, manja ali m'chiuno, akunena motsitsa mawu kuti, "Lekani, achimwene. Inunso mukudziwa." Atsibweni sanatembenuke. Anati, "Ndikudziwa. Ndipatseni palafiniyo." Amayi anawapatsa.

Kupenta kwachiwiri kunalibe kuvina. Mvula inkagwa tsiku ndi tsiku, ndiye chigafa anachitchinga ndi mphasa mbali zonse kuti madzi asawazire. Fungo la penti ndi palafini linkatsekeredwa m'katimo, loti ukangosuzumira maso ankatuluka misozi. Ine anandiletsa kulowa. Ndinkakhala panja pa mtondo wogwetsa, kumvetsera bulashi ikuyenda, kenaka chifuwa, kenaka bulashi. Tsopano sankathamangiranso panja. Chakudya ankachibweza chosakhudza, ndipo lamba wa buluku anabooledwa bowo lina. Lero ndikaganiza za munthu wa mapapu otha kale atadzitsekera mu utsi umenewo, mtima umandiwawa ndipo ndimakwiya. Ndimawakwiyira iwo, ndimawakwiyira amayi, ndimakwiyira ndi migodi imene inawatafuna n'kuwalavulira kwathu.

Penti uja anakana kuuma chifukwa cha chinyezi. Atauma anachita makwinya, makamaka pa zitseko, ndipo sankawala ngakhale pang'ono. Ukakanda ndi chikhadabo kufiira kunkasuzumira. Galimoto yokongola ija inasanduka ngati mphika wakale wofulira mowa. Atsibweni anaizungulira, anaigwira, n'kunena kuti palibe mphenzi imene ingaifune.

Ulendo wachiwiri tinapita chimanga chili m'mawondo. Msewu unali matope, kawiri konse anthu anatikankha. Titafika, ana sanathamangire galimoto, anali ataitanidwa. Pakhonde panalibe katundu womanga. Mphasa anatiyalira patali ndi nyumba, pansi pa mtengo wa mango, ndipo ankhoswe aja anakhala kumapeto kwenikweni. Anayamikira mtundu watsopanowo. Kenaka anati msewu waipa, komanso mwana akumera mano, ndi bwino tidikirebe masika.

Apo m'pamene akazi a atsibweni anatulukira kuseri kwa nyumba, mwana ali kumsana. Kumadzulo kunkagunda mabingu. Ine ndinaona nsalu imene anaberekera mwanayo, ndipo pakamwa panga sipanachedwe, sipachedwa mpaka lero. Ndinati, "Koma mwanayo ali mu nsalu yofiira!" Ankhoswe anayang'ana pansi. Atsibweni anaika dzanja pamutu panga, linali lotentha ngati mbale ya phala, ndipo analisiya pomwepo.

Kenaka anapempha kuti amunyamuleko mwana. Akazi awo anayenda pang'ono kubwera kumene tinali, koma m'nyumba munatuluka mawu owaitana, amodzi okha. Anaima. Misozi inkatsika osaipukuta. Chimene anachita ndi kutembenuka, kutipatsa msana, kuti nkhope ya mwana iyang'ane kwa atate ake. Anaima choncho nthawi yaitali. Mwanayo ankayamwa chala, akuyang'ana galimoto. Atsibweni anavula chipewa n'kumamugwedezera, akumuitana ndi timawu ta ana, mpaka mvula inayamba kudontha.

Pobwerera atsibweni analephera kupukusa chitsulo cholizira injini. Anayesa, anagwada m'matope, anyamata a m'mudzimo ndi amene anatikankha kuti ilire. Galimoto ija sinayendenso kuchokera tsiku limenelo. Atsibweni anagona m'nyumba imene amayi anazira ija, pa mphasa yatsopano, ndipo anamwalira chimanga chisanayambe kudyedwa chachiwisi. Akazi awo anabwera ku maliro wapansi, mwana atamusiya kwa agogo ake.

Ndakula, ndabereka, ndaikapo ana awiri m'manda, ndipo tsopano ndimadziwa zimene apongozi aja anaona pa mpango tsiku loyamba: magazi. Anali ataonapo amuna ena akubwera ku Joni ndi chifuwa chimenecho, chikulowa m'nyumba n'kutenga mkazi ndi ana omwe. Koma mkamwini amene wapempha chitengwa mwa mwambo, ankhoswe atayenda, simungamuuze pamaso kuti akufa. Anafuna mawu oti munthu abwerere nawo ulemu wake uli wonse, ndipo anawapeza pa penti. Zimandiwawa kunena, koma mwana akadakhala mdzukulu wanga, inenso ndikadaitana kuchokera m'nyumbamo. Ndipo atsibweni anapentanso galimoto ija akudziwa, chifukwa imeneyo ndiyo inali njira yokhayo yoti apitenso ku Nsaru n'kukaima pamaso pa mwana wawo ngati munthu wodzatenga banja lake.

Koma nthawi imeneyo ndinali mwana, ndipo mlandu wonse ndinauika pa mtundu. Anthu a maliro atabalalika, ndinawapeza amayi akusesa phulusa pabwalo. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, kodi a ku Nsaru aja ankafuna mtundu wanji? Bwanji sanangotiuza?" Amayi anasiya tsache, anakhala pansi pomwepo paphulusa, n'kudziphimba kumaso ndi nsalu. Ine ndinaima pambali pawo kudikira yankho. Ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti mtunduwo unalipo, kungoti ife sitinaupeze.