A Gideoni, Amene Anaotcha Mtembo wa Mnzawo

Mayi awo a Gideoni anali kusinja chinangwa chouma pabwalo pamene munthu anafika akuthamanga kuchokera kudooko: mwera wagubuduza bwato, ndipo amuna awo sanaoneke. Munsi unatsala mumtondo. A Gideoni anali asanayambe n'kuyenda komwe. Anakula ndi mayi okha m'mudzi mwathu muno kufupi ndi Lunho, anabatizidwa ali mnyamata, ndipo sitikumbukira Lamulungu limene belu linalira iwo asali kale pakhomo la tchalitchi.

Atakwatira a Joaquina anayamba ntchito ku kantina ya a Kanji, mmwenye wachihindu wogulitsa mchere, nsalu ndi mbedza. Anakhala kumeneko mpaka imvi. Masana ogula akachepa, awiriwo ankakhala pa matumba a mchere n'kumatsutsana za Mulungu.

"Gideoni, Nowa wanu uja ifenso tili naye," ankatero a Kanji. "Koma wathu anamuchenjeza ndi nsomba, nsomba yomweyo n'kumukokera chombo mpaka paphiri."

"Bwana, mukanati usipa, asodzi onsewa akanalowa mpingo wanu."

A Kanji ankanenanso kuti m'malemba awo dziko lili ndi nyengo zinayi, ndipo chilungamo chili ngati ng'ombe: poyamba inaima ndi miyendo inayi, kenako itatu, kenako iwiri, lero ikutsimphina ndi umodzi. A Gideoni ankayankha ndi fano limene mfumu inalota m'masiku a Danieli, la mutu wagolide, chifuwa chasiliva, ndi mapazi achitsulo chosakaniza ndi dongo. Onse ankavomerezana kuti ife tabadwira kumapazi. Ankasiyana pa zam'tsogolo. A Kanji ankati zonse zikatha zidzayambiranso, monga madzi a nyanja amakwera n'kutsika. A Gideoni ankati Ambuye adzabwera kamodzi basi. "Inu muzizungulira, bwana. Mukatopa mudzandipeza nditakhala pamthunzi, ndakusungirani malo."

Apwitikizi atayambana ndi dziko la Indiya, amwenye ambiri anagwidwa n'kutumizidwa kwawo. Mwana wa a Kanji anapita nawo limodzi ndi banja lake. Nkhalambayo anaisiya, ikudwala. A Joaquina ankaiphikira nyemba mumphika wapadera wosakhudza nyama.

Atafooka, a Kanji anati, "Kwathu munthu sakwiriridwa. Mwana wake amamuotcha, phulusa n'kulithira m'madzi. Ine mwana ndilibe kuno."

M'mawa mwake tinaona a Gideoni akukwera phiri ndi nkhwangwa kukadula nkhuni. Mnzawo atamwalira anamuotcha pamchenga, kutali ndi mudzi. Mapemphero achihindu sankawadziwa, choncho ananena Pemphero la Ambuye, phulusa n'kukalithira pakuya.

Mudzi unagwedezeka. A Adriano, mkulu wa mpingo wathu, anaimirira m'tchalitchi. "Mkhristu n'kuwamba munthu ngati nsomba? Ndipo m'madzi amene timamwa!" Akulu anagamula kuti a Gideoni asalandire Ukaristia kufikira ataima pamaso pa mpingo n'kuvomera kuti anachita choipa.

"Zoipa zanga n'zambiri, abale, ndipo ndizinena zonse," anatero iwo. "Koma ichi ndikachitcha choipa, ndinama m'nyumba ya Mulungu."

Anasamukira ku benchi yakumbuyo. Sanasiye kusesa tchalitchi kapena kuthira mafuta m'nyali. Ife tikamapita kuguwa, iwo ankagwada n'kuweramitsa mutu. A Joaquina akalandira sankabwerera kumbali ya amayi. Ankapita kukagwada pafupi ndi amuna awo n'kuika dzanja lawo pa lawo. Zinakhala choncho zaka zambiri.

Nkhondo inafika. Ena anathawira ku Likoma, ena asilikali anawatsekera m'midzi ya mpanda, ndipo ansembe anayamba kubwera patalipatali. A Gideoni ankati, "Ng'ombe ya a Kanji ija tsopano ikugwa. Tiyeni tiigwirire." Kuigwirira kwake kunali kwa zinthu zazing'ono. Maso a a Adriano atachita khungu, ukonde wawo wong'ambika unkapezeka wosokedwa pathandala. A Adriano anafunsa amene akusoka, ndipo anawauza kuti ndi a Gideoni.

Chaka chatha a Gideoni anadwala chifuwa. A Joaquina akawabweretsera phala ankamwa pang'ono kuti asawakhumudwitse, n'kunena, "Njala yanga si imeneyi, mayi." Wansembe wa ku Msumba atamva nkhani yonse anatumiza mawu kuti abwera yekha ndi Ukaristia. Koma sabata imeneyo asilikali analetsa mabwato onse. A Gideoni anapempha kuti chitseko chikhale chotsegula, chifukwa chinayang'ana kudooko. Anamwalira m'mawa wa Lachisanu, mwakachetechete, dzanja lili m'dzanja la akazi awo. Bwato linafika titawaika kale.

Wansembe anatitsogolera kumanda kukapemphera. A Adriano anabwera atawagwira mkono mdzukulu wawo. Pemphero lisanayambe anafunsa pamene pali kumutu, anagwada pa dothi lofiiralo, n'kulankhula mokweza, anthu onse akumva.

"A Gideoni, ndine Adriano. Mkate wa paguwa sunali wanga, koma ndinakumanani. Mumandisokera ukonde ine ndikudziwa, osatsegula pakamwa. Ndikhululukireni, achimwene. Mayi Joaquina, muli kuti? Nanunso ndikhululukireni."