Chitseko, Kweza Manja

Inu ana a ku jimu, khalani pansi ndikuuzeni za Chitseko, mwana wa malemu achimwene anga, amene tamuika mwezi wathawu. Ndikulemba nditakwiya, musadabwe.

Tsiku limene anabwera diso lakumanzere litatupa ngati bondo, ine ndinali pa beseni kuchapa zovala za eni. Anadzigwetsa pa simenti pafupi ndi ndowa zanga. Adokotala anali atamuuza kuti chibakera china chikangofika pa diso limenelo, lizima basi.

Mwanayu anakulira m'manja mwanga, mayi kulibe, bambo kulibe. Sukulu inamukana. Inamulandira ndi karate, ija yomenyanadi, osati yongovina. Ankamumenya pachifuwa, pamimba, m'ntchafu, iye osasuntha, ndiye anzake anamutcha Chitseko. Koma karate yawoyo ili ndi lamulo lakuti chibakera kumaso ayi. Manja ake anazolowera kukhala m'munsi, kulondera nthiti.

Atalowa nkhonya za magolovesi zophatikiza ndi matheche, zija amalipira, lamulolo kunalibe. Aliyense ankangodzitolera nkhope yake.

"Azakhali," anatero ali chigonere, "mutu ukudziwa, koma manja akuiwala."

"Manjawo ndi ako kapena unabwereka?"

Ndinafinya malaya, ndi kuwonjezera:

"Siya zimenezi. Aneba akufuna wowathandiza kuwotcherera mageti."

"Sindisiya."

Liuma la bambo ake lenileni. Ndinavuula thaulo m'madzi, ndi kumuwomba nalo tsaya lakumanja, phwa.

"Nanga ndalakwanji, azakhali?"

"Kweza manja."

Kuyambira pamenepo thaulo silinaume. Ndinkamuwomba potuluka m'bafa, pomanga nsapato, ngakhale akucheza ndi chibwenzi chake pakhonde. Mtsikanayo anafika pondiopa. Chitseko ankadandaula kuti aphunzitsi ake amamuuza kale zomwezo.

"Iwowo amakuuza ndi pakamwa," ndinatero. "Ine sukulu sindinapite nayo patali."

Miyezi inatha, phewa langa linkawawa, iye mutu ngati mwala. Ndinkachita kulira ndi mkwiyo. Munthu wamkulu ndevu pepeya, kulephera kuphimba nkhope yake yomwe.

Tsiku lina ndinamubisalira kuseri kwa nsalu zoyanika. Ndinaponya ndi mphamvu zonse, thaulo linagwera pamkono. Iye anangodutsa akuimba mluzu, osadziwa n'komwe kuti wakweza. Ndinakhala pa ndowa.

Pa nkhonya yotsatira ndinapita, ndinakhala kumbuyo. Womenyana naye anali wamtali, ndipo za diso lija anali atazimva. Ankalisaka ngati wataya kiyi m'menemo. Zibakera zake zonse zinathera pa magolovesi. Atayamba kupuma ndi pakamwa, Chitseko anamutchaya theche la m'ntchafu, la karate lija. Wamtali anakhala pansi ngati wapatsidwa mpando, osadzukanso.

Anamenya zaka zambiri, malamba a ukatswiri ankabwera nawo kunyumba. Anandigulira makina ochapira, amene mpaka lero sindiwakhulupirira pa makolala a malaya. Anakuphunzitsani inu nonse. Amutenga ndi matenda, maso onse awiri akuona bwinobwino. Ndinawatseka ndine.

Tsono chimene chandikwiyitsa ndi ichi. Pamaliro munanyamula chithunzi chake cha karate, atavala zoyera, manja ali m'munsi. Ndamva kuti mwachikhomanso ku jimu. Phewa langa ndinaliphera chiyani? Chotsani, muike chija magolovesi ali m'masaya, ngakhale nkhope sikuoneka bwino. Imeneyo ndiyo inali ntchito yake.

Iwe amene wagona pa simenti lero, osataya mtima, dzuka. Koma mtima wokha sutchinga chibakera. Chimene unazolowera chikayamba kukupweteka, chisiye, ngakhale chinakupatsa dzina.

Ine ndakalamba, ndiyamba kuiwala. Inu muzimukumbukira mwana wanga, ndipo muzimukumbukira manja ali m'mwamba. Thaulo lija ndikadali nalo.