Hositelo ya Ana a Kumalire

Ine sinditaya pepala. Khadi limene anandipatsa nditawoloka malire pothawa nkhondo ya kwathu ku Mozambiki ndikadali nalo, ngakhale chithunzi chake chinafufutika moti mnyamata ali pamenepoyo sindimuzindikiranso. Nkhondo itatha anzanga ambiri anabwerera. Ine ndinatsala kuno ku Katuli chifukwa mayi anga ndinali nditawaika kale m'dothi lino, ndipo munda wa nandolo unali utayamba kutidyetsa. Mdzukulu wanga wamkazi, amene ndakhala ndikumulera chimwalirireni mayi ake, anabadwira pachipatala chathu chomwechi. Khadi lake la kusikelo limagona m'sutikesi imodzi ndi langa.

Mwanayu anasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera ya m'dera lathu. Kuchokera kwathu kumalire ndi mtunda woti munthu wamkulu amafika atatheratu, ndipo panjira pali mtsinje umene ukadzaza suwolokeka. Atsikana a kwathu amayamba Fomu 1 akusangalala, koma dzinja limodzi likadutsa ambiri sitiwaonanso mu yunifolomu.

Lachisanu lina tikutuluka mumzikiti, wapampando wa komiti ya sukulu anandikokera pambali. Munthuyu ndinkamuyesa m'bale wanga. Nandolo tinkagulitsira limodzi, ndipo mkazi wanga atamwalira ndiye anatsogolera okumba manda.

"Achimwene, mwayi watigwera," anatero. "Kuli azungu akugona ku loji ku Nkopola, akufuna kutimangira hositelo ya atsikana. Koma mzungu sapereka kanthu asanalire. Inu muli ndi nkhani yoliritsa. Mubwere ndi kakhadi kanu kaja."

"Ndiye ndasanduka gule wa alendo tsopano?"

"Vinani basi, achimwene," anatero akuseka. "Bedi loyamba ndi la mdzukulu wanu."

Alendowo atatsala pang'ono kubwera, ahedi analamula kuti ana onse a kumalire adzabwere opanda nsapato. Mdzukulu wanga anafika kunyumba atakwiya. "Ambuje, nsapato munandigulira ku boma. Ndizibisirenji?" Ndinamuuza kuti ayende nazo mpaka pafupi ndi sukulu, akazivulire pamenepo. Ndinkaganiza za mtsinje uja.

Tsikulo ana athu anawaika pamzere wakutsogolo, ana a aphunzitsi ndi a eni magolosale kumbuyo kwenikweni. Ahedi anauza alendo kuti awa ndi ana a othawa nkhondo, ngakhale palibe mmodzi mwa iwo anamvapo kulira kwa mfuti. Ine ndinaimirira ndi kufotokoza mmene tinayendera m'tchire, mphunzitsi wa Chingelezi akutanthauzira. Sindinawonjezere kanthu, panalibe chofunika kuwonjezera. Mayi wina wachizungu analira, nagwira khadi langa ndi manja awiri. Kenaka anagwada ndi kujambula mapazi a mdzukulu wanga.

Azungu anapereka simenti, malata ndi mabedi. Njerwa anati tiumbe tokha, ndipo komiti inati poti hositeloyo ndi ya ana a kumalire, midzi ya kumalire ndiyo itsogolere. Tinaponda dothi, amayi anatunga madzi ndi mchenga, nkhuni zowotchera uvuni tinadula kumapiri kwathu. Kapepala kalikonse koitanira anthu ku chitukuko ndinasunga. Onse amayamba ndi mawu omwewo: "Kwa makolo a kumalire."

Nyumbayo itatha, mayina a ogonamo anawamata pachitseko cha ofesi. Ndinawerenga ndi chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndinabwerezanso. Dzina la mdzukulu wanga panalibe. La mwana wina aliyense wa m'midzi yathu panalibenso. Mabedi anapita kwa ana a aphunzitsi, a ogwira ntchito kuchipatala, a eni magolosale, ena oti belu la sukulu amalimvera ali pakhonde kwawo.

Ndinapita kwa wapampando makadi onse ali m'thumba. Anandiyalira mkeka, nandifunsa za miyendo yanga.

"Miyendo isiyeni. Bedi lija lili kuti?"

"Achimwene, zinavuta. Anthu anadandaula kuti a kutsidya adzaza hositelo. Komiti inagwirizana kuti tiyambe ndi ana a eni nthaka."

Ndinatulutsa khadi la kusikelo. "Werengani apa. Mwanayu anabadwira kuti?"

Sanaliyang'ane n'komwe. "Pepala ndi pepala. Koma aliyense akudziwa kumene munachokera."

"Tsiku la azungu munkadziwanso. Tsiku limenelo kuchokera kutsidya kunali kokoma."

Anathothola udzu m'mbali mwa mkeka. Kenaka anati azungu akubweranso kudzatsegulira nyumbayo, ndipo akufuna kuonanso mkulu wa khadi uja. "Mukalankhula bwino, chaka chamawa tidzamuganizira mwanayo."

Ndinavomera, koma ndinali ndi zanga mumtima.

Tsiku lotsegulira, ana athu anawaitananso kuti adzaimbe. Anawalowetsa m'hositelo, kuwakhazika pamabedi a eni ake kuti alendo ajambule, n'kuwatulutsa. Pakhoma la pakhomo anali atapachika chithunzi chachikulu cha mapazi aja. Nthawi yanga itakwana ndinaimirira ndi kunena zonse mwadongosolo, mosakuwa. Ndinati njerwa tinaumba ndife. Ndinati ana mwawaona pamabediwa agona kwawo lero, mawa alawirira kuwoloka mtsinje. Ndinati mapazi ali pakhomawo mwini wake ndi uyo waima panjayo, ndipo alibe malo muno.

Anthu a kwathu anayamba kung'ung'udza movomereza. Mphunzitsi wotanthauzira uja anayang'ana ahedi, ahedi anayang'ana pansi. Ndiye mphunzitsiyo anatembenukira kwa alendo nalankhula mawu ochepa kwambiri, akumwetulira. Chingelezi sindichidziwa, koma mawu awo othokozera ndimawamva, ndipo anawatchula mobwereza. Azungu anaomba m'manja. Mayi uja anabwera kudzandigwira chanza, maso ali ndi misozi. Ndinamulozera panja pamene panali mdzukulu wanga, iye anamubayibitsa mosangalala, nakwera galimoto.

Chaka chamawa chija chinafika, mayina anamatidwanso, la mdzukulu wanga panalibe. Dzinja limenelo mvula inachuluka. Mwanayo ankapita mpaka pamtsinje, n'kukhala pamwala kudikira kuti madzi aphwe, dzuwa likakwera n'kubwerera. Mayeso a teremu anamudutsa osalemba. Sanalire, sanakangane ndi munthu. Anangonena kuti akupita kwa azakhali ake ku Makokola, amene amachapa zovala pa loji, akawathandize.

Anabwera kudzationa pa Idi, atandigulira kofia yatsopano. Titadya ndinamuuza kuti sindinasiye kuyenda ku ofesi, ndipo ahedi atsopano akuoneka ngati munthu womva.

"Malo akapezeka ubwerera?" ndinamufunsa.

Anayamba wasonkhanitsa mbale. "Ambuje, anzanga aja akulemba Fomu 4 chaka chino. Ine ndikakhale pabenchi ndi ana amene ndinkawabereka kumsana? Musamavutikenso ndi ulendo wa ku ofesi. Miyendo yanu yatupa kale."